Lipoti likatha m'mphindi khumi, masiku otsalawo ndi a yani?

M'parishi ya Likuni muli akhristu ambiri amene amadyera mapulojekiti. Ena amalawirira minibasi kupita ku maofesi a mabungwe omwe si aboma ku Area 47 kapena ku City Centre, ena ali kukhonsolo ya boma la Lilongwe, ena ku makampani omanga, enanso ku mabungwe a Mpingo monga CADECOM. Maina a maudindo awo amasiyana, koma ntchito ndi imodzi: kulandira ndalama za wina, kuzisandutsa mjigo, buloko ya sukulu, mlatho kapena nyumba ya anamwino m'nthawi imene adagwirizana, kenaka n'kufotokoza mmene ndalamazo zayendera. Ameneyu ndiye woyang'anira pulojekiti.

Zaka zapitazi zamugwedeza munthuyu mbali ziwiri. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake la kumaiko akunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID lidatsekedwa. Mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi zaulimi m'Malawi adaima, anthu n'kubwerera kunyumba ndi makalata m'manja. Mbali inayi, kuyambira mu Novembala 2022 pamene kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT, m'foni ya aliyense amene ali ndi bandulo mudalowa mlembi wosatopa, wosapempha alawansi, wolemba Chingerezi chosalala kuposa cha anthu ambiri a madigiri. Makina amtunduwu, amene onse angowazolowera ndi dzina loti AI, tsopano alipo ambiri. Kale mu 2019 kampani ya Gartner, yomwe imalangiza mabizinesi pa zaukadaulo, idalosera kuti pofika 2030 magawo 80 pa 100 alionse a ntchito ya oyang'anira mapulojekiti adzakhala atatengedwa ndi makina, makamaka kusonkhanitsa manambala, kulondoloza ntchito ndi kulemba malipoti. Ulosi ndi ulosi, ungapherezeke kapena ayi. Koma funso limene ukudzutsa lafika kale pa matebulo a mabanja: ngati ndalama zachepa ndipo makina akulemba, bambo kapena mayi uja amene amayang'anira pulojekiti akulipidwiranji?

Poyamba ndi bwino kuwapatsa makinawa ulemu wawo. Pali chizolowezi chowanyoza kuti angolemba zachabechabe, ndipo onyozawo nthawi zambiri sadawayesepo. Makinawa adawerengetsedwa mulu waukulu wa zolemba za pa intaneti ndi m'mabuku, mpaka adaphunzira kuti mawu akuti akabwera, kawirikawiri amatsatidwa ndi mawu ati. Popeza malipoti a mabungwe amafanana dziko lonse, ndi mitu yomweyo komanso kalankhulidwe komweko, iyi ndiyo ntchito imene makina amaidziwa bwino koposa. Kalata yopempha thandizo, ndondomeko ya ntchito ya miyezi khumi ndi iwiri, logframe imene imasowetsa tulo anthu ongoyamba kumene, maminitsi a msonkhano, mndandanda wa zovuta zimene zingagwe: zonsezi zimatuluka m'mphindi zochepa, ndipo zambiri zimakhala zabwino. Lipoti la miyezi itatu limene linkadya masiku atatu likhoza kutha tiyi asanazizire. Amene akukana zimenezi akudzinamiza yekha.

Chimene makina aulula n'chakuti kwa zaka zambiri pepala lidakhala muyeso wa munthu. Opereka thandizo ali ku London, ku Brussels kapena ku Oslo sangafike ku Nathenje mwezi uliwonse, choncho ankaweruza ntchito ndi zimene zafika pa kompyuta yawo. Wolemba bwino ankaoneka wodziwa ntchito, ankakwezedwa, ankatumizidwa ku maphunziro a m'mahotela a kunyanja. Wodziwa midzi koma wa Chingerezi chopunduka ankakhalabe ofisala wa kumudzi mpaka kupuma. Sikuti muyesowo udali wopanda nzeru konse, pakuti kulemba lipoti lomveka kunkafuna munthu woganiza mwadongosolo. Koma lero aliyense angathe kutulutsa lipoti lomveka, ndiye muyesowo waduka.

Akuluakulu amene adaona MASAF itayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 akukumbukira kuti ntchitoyi ili ndi nkhope ina. Midzi inkasankha yokha komiti yoyang'anira chitukuko, ya wapampando, mlembi ndi msungichuma, ena mwa iwo osafika ndi Sitandade 8 yomwe. Ankatsegula buku ku banki, kugula simenti, kulemba mmisiri, kuuza mudzi tsiku loumba njerwa ndi lotuta mchenga. Makomiti ena adadya ndalama, zimenezo n'zodziwika. Koma mabuloko ambiri a sukulu amene ana akuphunziramo lero adamangidwa ndi anthu amene sadalembepo logframe. Iwowa ankayang'anira pulojekiti m'njira yeniyeni ya mawuwo: ankayang'ana.

Chitsanzo cha mjigo chingathandize. Bungwe lina lapeza ndalama zokumba mjigo m'mudzi wina kuseri kwa Mitundu, m'dera la Mfumu Yaikulu Chiseka. Makina akafunsidwa, apereka ndondomeko yaukhondo: sabata yoyamba kuona malo, yachiwiri kukumba, yachitatu kuyesa madzi ndi kuika pampu, yachinayi kuphunzitsa komiti ndi kupereka mjigo kwa eni ake. Palibe cholakwika pamenepo. Koma katswiri woyeza madzi apansi akhoza kuloza malo amene ali m'mphepete mwa manda kapena pafupi ndi dambwe, kumene amayi sangamapite ndi zidebe m'bandakucha, ndipo pamsonkhano palibe amene anganene zimenezi poyera pamaso pa mlendo. Malo ena abwino ali m'munda wa banja limodzi, lomwe lero likuvomera ndi manja awiri, koma pakatha zaka ziwiri lidzamanga mpanda n'kuyamba kulipiritsa. Anyakwawa angafune mjigo pakhomo pawo, ndipo kuwakaniza kumafuna mawu osankhidwa bwino ndi munthu woyenera wowaperekera. Tsiku la msonkhano kukagwa maliro, zonse zaima, ndipo woyang'anira wanzeru amatsika galimoto kukakhala nawo pasiwa m'malo motumiza uthenga wa pa foni wofunsa tsiku lina.

Nyengo nayo ili ndi chonena. Ndalama za mabungwe zimakonda kufika mochedwa, chaka cha bajeti chili pafupi kutha, ndipo pamakhala chikakamizo choti ntchito ichitike msanga. Kukumba mu Febuluwale, galimoto yokumbira ikapanda kutitimira m'matope, madzi amapezeka msanga chifukwa nthaka yakhuta. Aliyense amaomba m'manja, zithunzi zimajambulidwa, lipoti limapita. Pofika Okutobala mjigo uja ukungotulutsa mphepo. Amene amadziwa ntchito amalimbana ndi ofesi yake yomwe kuti kukumba kudikire chilimwe, kapena kuti akumbe mozama ngakhale madzi aoneka kale. Ndipo tsiku lokumba amaima pomwepo, padzuwa, kuwerenga mapaipi amene akulowa pansi, chifukwa mamita amene kontilakitala adzalembe pa invoisi ndi mamita amene akumbidwadi nthawi zina sakhala ofanana. Pambuyo pake pali nkhani ya komiti ya mjigo ndi ndalama zosonkha zogulira zipangizo za pampu ya Afridev ikaonongeka. Msungichuma akakhala mkazi wa mfumu, palibe adzalimbe mtima kufunsa buku. Zimenezi sizilembedwa pa intaneti. Zimadziwika ndi munthu amene adakhalapo pamkeka m'mudzimo, n'kudya nawo nsima ya nkhwani.

Ndalama nazo zili chimodzimodzi. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. Bajeti imene idasainidwa mu Okutobala idasanduka nthano mwezi wotsatira. Kuwerengeranso mtengo wa simenti, malata ndi dizilo, makina angachite m'kuphethira kwa diso. Chimene sangachite ndi kusankha. Ndalama zikakwanira theka, kodi amange zipinda ziwiri m'malo mwa zinayi, kapena amange zonse zinayi n'kusiya zimbudzi za atsikana? Adzaimbira ndani foni opereka thandizo kuwauza kuti lonjezo silikwaniritsidwa? Adzaima ndani pamaso pa makolo amene adatuta mchenga miyezi iwiri? Makina angalembe mawu okoma oti munthu akanene kumeneko, koma manyazi ake, mkwiyo wa anthu ndi mlandu wake zimagwera munthu wa dzina ndi nkhope, amene Lamulungu lotsatira adzakumana ndi ena mwa anthu omwewo pamsika wa Mitundu.

Pali luso latsopano limene likugulitsidwa kwambiri masiku ano, lotchedwa prompt engineering, kutanthauza kudziwa kulembera makina malangizo omveka kuti atulutse yankho labwino. Achinyamata ena akulipira maphunziro ake ndi chiyembekezo choti ndiwo khomo la ntchito. Lusoli lilipodi, ndipo woyang'anira pulojekiti amene akukana kuliphunzira akufanana ndi kalaliki amene adakana kompyuta chifukwa adazolowera taipilaita. Koma ndi luso la masabata, osati la zaka, ndipo makinawo akunka namvetsa okha ngakhale mafunso olembedwa mosalongosoka. Akale adati safunsa adadya phula. Chimene mwambiwo sunena n'chakuti kufunsa bwino kumafuna munthu wodziwa kale kanthu. Amene sadziwa kuti kuyambira 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu sadzawauza makina zimenezo, ndipo akhoza kulandira bajeti yokongola imene ikuwerengera kuti mudzi udzaumba njerwa monga kale. Amene akudziwa adzafunsa funso lina, lovuta: ngati anthu sakuumbanso njerwa, adzaikapo chiyani kuti sukuluyo aione ngati yawo? Kusiyana kwa mafunso awiriwa sikuchokera ku maphunziro a prompt. Kukuchokera ku zaka zoyenda m'midzi.

Chitsanzo cha pafupi chilipo. Bungwe la Opportunity International lidabweretsa kuno ku Malawi pulogalamu ya Ulangizi, imene imayankha mafunso a zaulimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mlimi akhoza kujambula tsamba lodwala n'kulandira malangizo. Koma popeza alimi ambiri alibe foni zamakono, pulogalamuyi imayenda kudzera mwa anthu osankhidwa amene amanyamula foni, kufunsa m'malo mwa alimi anzawo ndi kuwamasulira yankho. Makina adafika pamudzi atakwera njinga ya munthu wodziwika m'deralo.

Tsopano pali mbali imene ikukhudza chikumbumtima, ndipo iyi ndi yoopsa kuposa kutha kwa ntchito. Kale kunama mu lipoti kunkafuna khama. Munthu ankayenera kukhala pansi kupeka manambala, kupeka mawu a mayi wina woyamikira, kusamala kuti tsamba lachitatu lisatsutsane ndi lachisanu ndi chiwiri. Khamalo palokha linkabweza ena. Lero pulojekiti imene sidafike n'komwe kumudzi ikhoza kukhala ndi lipoti lofanana ndendende ndi la pulojekiti imene anthu adakhetsera thukuta. Ndipo sikuti pamafunika mtima woipa. Makinawa, akasowa chodziwa, sakonda kukhala chete. Amadzaza mpata ndi chinthu chomveka ngati choona. Munthu wotopa, Lachisanu madzulo, magetsi atangoyaka kumene, akhoza kungowerenga mothamanga n'kutumiza. Mu 2025 kampani yaikulu ya Deloitte idavomera kubweza gawo la ndalama ku boma la Australia zitadziwika kuti lipoti limene idalemba mothandizidwa ndi AI lidali ndi maumboni a mabuku amene kulibe. Ngati zidachitikira kampani ya antchito zikwizikwi, ofesi ya anthu asanu ku Area 3 isadzione ngati yotetezeka.

Palinso maina a anthu. Mndandanda wa ana amasiye, wa amayi oyembekezera, wa anthu amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, ukaikidwa m'makina kuti aukonze bwino, wachoka m'manja mwa amene adaupatsidwa mwachinsinsi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, mayi wa ku Nathenje amene adapereka dzina lake kwa mlangizi sadavomere kuti lipite ku kompyuta za kutsidya kwa nyanja.

Pa nkhani iyi Mpingo udalankhulapo. Mu Januwale 2025 Vatican idatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chimene mwa zina chimaphunzitsa kuti udindo wa zimene zachitika ndi makina umakhalabe pa munthu, ndipo chimachenjeza kuti makinawa akhoza kufooketsa luso la antchito m'malo molikulitsa. Papa Leo XIV atasankhidwa mu Meyi 2025 adafotokoza kuti dzina lake adalitenga pokumbukira Papa Leo XIII, amene mu 1891 adalemba za ufulu wa antchito m'nthawi ya mafakitale, ndipo adati AI yabweretsanso mafunso amtundu womwewo. Siginecha ya pansi pa lipoti imanena kuti mwini wake waona ndipo ali wokonzeka kuyankha. Makina alibe choti angataye: sachotsedwa ntchito, sapita ku khoti, sagona ndi nkhawa. Choncho pamene zolemba zatsika mtengo, mawu a munthu amene amanena zoona ngakhale zili zowawa akwera mtengo, chifukwa ndi chokhacho chimene wopereka thandizo watsala nacho chodalira.

Funso lalikulu ndi la nthawi. Ngati lipoti la masiku atatu latha m'mphindi khumi, masiku otsalawo ndi a yani? Olemba ntchito anena kuti ndi awo: munthu mmodzi atenge mapulojekiti atatu, awiri enawo apite kwawo. Ndi ndalama zimene zachepa chonchi, maganizowa sangangotchedwa nkhanza, ndipo kunena zoona, maudindo ena amene ntchito yake idali kungosuntha mapepala kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina adzathadi. Woyang'anira naye akhoza kunena kuti masikuwo ndi ake: akhale chete, asauze abwana kuti lipoti lidatha Lolemba, agwire ganyu ya bungwe lina pa kompyuta yomweyo. Ndi mitengo ya zinthu ya masiku ano ndi sukulu fizi, yesero limeneli ndi lomveka kwa aliyense.

Koma ndalama imene imalipira masiku amenewo idapemphedwa m'dzina la anthu a kwa Malili, kwa Chiseka ndi kwa Chadza. Zithunzi za ana awo ndizo zidatsegula matumba. Kwa zaka zambiri oyang'anira mapulojekiti akhala akudandaula, ndipo moona, kuti mapepala amawamangirira mu ofesi osawapatsa mpata wofika kumudzi. Dandaulo limenelo tsopano lachepa mphamvu. Kuchoka ku Likuni kukafika ku Mitundu kapena ku Nathenje ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Masiku amene makina apulumutsa ali ndi eni ake, ndipo eni akewo ali kumene kuli mjigo. Bungwe limene lingasandutse masikuwo kukhala mapulojekiti owonjezera pa munthu mmodzi lidzakhala ndi malipoti ochuluka ndi maso ochepa, ndipo mijigo youma idzadziwika mochedwa kuposa kale. N'zoona kuti ulendo umafuna mafuta, ndipo mafuta akhala akusowa. Apa ndiye poyenera kulimbana pokonza bajeti: mzere wa maulendo a kumudzi usakhale woyamba kudulidwa pamene mzere wa misonkhano ya m'hotela watsala wathunthu.

Amene ali pachiopsezo chenicheni ndi achinyamata. Womaliza maphunziro ku Bunda, ku MUBAS kapena ku yunivesite ya Katolika ku Nguludi ankalowa ntchito kudzera pa khomo la zolembalemba. Ankapatsidwa maminitsi, ankakonza matebulo a manambala, ankalemba lipoti loyamba limene abwana ankalibweza lofiira ndi inki. Mwa kulakwitsa ndi kukonzedwa ankaphunzira kuona pamene manambala sakugwirizana. Khomo limenelo likutsekeka, chifukwa mkulu wa ofesi sakufunanso womulembera. Ngati palibe amene atsegule khomo lina, pakatha zaka khumi padzakhala akuluakulu okalamba odziwa midzi ndi achinyamata odziwa makina, popanda wodziwa zonse ziwiri. Akhristu amene ali pa maudindo angathe kuchitapo kanthu popanda kudikira lamulo: mpando wakumbuyo wa galimoto yopita kumudzi nthawi zambiri umapita wopanda munthu, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene waima tsiku lonse kuwerenga mapaipi waphunzira chimene sakadachipeza pa foni.

Pali mbali inanso imene oyang'anira mapulojekiti sakonda kuitchula. Makina omwewa ali m'manja mwa anthu amene kale ankangolandira zimene auzidwa. Parishi iliyonse ili ndi mapulojekiti ake: tchalitchi cha kunthambi chimene chakhala pa lintala zaka zinayi, mpanda, holo, nyumba ya ansembe. Ndalama zake ndi za Pepa Sande ndi zosonkha za m'miphakati, za amayi ogulitsa tomato ndi abambo a kabaza. Kale mmisiri kapena katswiri akabweretsa pepala la zipangizo, komiti inkangogwedeza mitu chifukwa palibe ankadziwa kuliwerenga. Lero msungichuma wa komiti, kapena mwana wake wa Folomu 3, akhoza kujambula pepalalo, kufunsa makina kuti khoma la kutalika kwakuti limadya matumba angati a simenti, n'kubwera ku msonkhano ndi funso. Yankho la makina likhoza kukhala lolakwika, makamaka likafunsidwa m'Chichewa chimene makinawa sadachiwerenge mokwanira, ndipo komiti imene ingalitenge ngati chiweruzo idzayambana ndi mmisiri wosalakwa. Koma funsolo lidzafunsidwa, ndipo woyang'anira ntchitoyo adzayenera kudzuka pa benchi, kupita ndi komiti kukhoma kuja ndi tepi m'manja, n'kuyeza nawo limodzi.